TALP, BO, Zogula Zokonzeka Kapena Umuna Wosankhidwa: Kusankha Njira Yokumanitsira Umuna ndi Mazira a Ng'ombe mu Labotale

Ntchito yopanga miluza ya ng'ombe kunja kwa thupi imayenda m'magawo atatu. Mazira amayamba akhwimitsidwa kwa maola 22 mpaka 24, kenako amakumanitsidwa ndi umuna, ndipo miluza imaleredwa kwa masiku 7 kapena 8 kufikira itafika pa msinkhu wa blastocyst, woti n'kuikidwa m'chiberekero cha ng'ombe ina kapena kuumitsidwa pouziziritsa kwambiri. Gawo lapakatilo ndi lalifupi kuposa onse, silifika n'komwe tsiku lathunthu, koma ndi limene anthu amalinyalanyaza kwambiri. Miluza ikachepa pa tsiku la 7, ambiri amathamangira kusintha madzi olelera, pomwe vuto linachitika kale, tsiku lija umuna unalowa m'mbale.

Thole loyamba lobadwa pokumanitsa umuna ndi dzira mu labotale linali Virgil, mu 1981, pa kafukufuku wa Benjamin Brackett ku University of Pennsylvania. Kuyambira 2016, ziwerengero za bungwe la International Embryo Technology Society zakhala zikusonyeza kuti miluza yopangidwa mu labotale ikuposa yotsukidwa m'chiberekero cha ng'ombe, ndiko kuti yokulira m'thupi n'kutulutsidwa potsuka chiberekero, ndipo tsopano imapitirira 1 miliyoni pa chaka. Choncho amene akutsegula labotale lero sakuyamba ntchito yachilendo. Njira zilipo kale zingapo, ndipo funso ndi lakuti inu mutsate iti.

Zimene ndikuyang'ana poyerekeza

Choyamba ndi mtengo, koma osati mtengo wa botolo. Werengani ndalama zimene zimapita pa mluza umodzi wabwino. Ngati mazira anu mumawatola m'matumba a mazira ochokera kumalo ophera ng'ombe, dzira ndi lotchipa ndipo kutaya ochepa si nkhani. Koma ngati mumawayamwa kwa ng'ombe yamoyo yamtundu wabwino pogwiritsa ntchito singano ndi makina a ultrasound, njira yotchedwa OPU imene inayamba ku Utrecht mu 1988, dzira lililonse ndi chuma, ndipo mankhwala odula amene apulumutse miluza iwiri yowonjezera amakhala atabweza ndalama yake.

Chachiwiri ndi kupezeka: kodi zinthuzo zingakufikeni nthawi zonse, zili zozizira bwino, zisanathe ntchito? Chachitatu ndi chisamaliro, kutanthauza maola a ogwira ntchito, kuyeza ndi kulemba. Chachinayi ndi zoopsa, makamaka ziwiri zimene zimakokana: umuna kulephera kulowa m'dzira, ndi mbewu za umuna zingapo kulowa m'dzira limodzi, vuto lotchedwa polyspermy. Mukathawa loyamba pochulukitsa umuna, mumagwera m'lachiwiri.

Pali zina zimene sizisankhidwa, zilibe kanthu njira yanu. Inkyubeta ikhale pa madigiri 38.5 mpaka 39, chifukwa kumeneku ndi kutentha kwa m'thupi mwa ng'ombe, ndipo madigiri 37 amene amagwira ntchito pa mazira a anthu ndi ozizira kwa ng'ombe. Mpweya wa CO2 ukhale pafupifupi 5 peresenti, chinyezi chikhale chokwanira. Ngati labotale ili pamalo okwera kwambiri, CO2 amafunika wochulukirapo kuti pH, muyezo wa asidi wa m'madzi, ifike pomwe pafunika, n'chifukwa chake ndi bwino kuyeza pH ya madziwo m'malo mongokhulupirira nambala yapakhomo pa inkyubeta. Maselo a cumulus, aja amakuta dzira ngati mtambo, musawachotse musanakumanitse, chifukwa pa ng'ombe kuwachotsa kumachepetsa mazira olandira umuna. Za okosijeni, ma labotale ambiri amakumanitsa mu mpweya wamba wokhala ndi CO2, n'kusunga okosijeni wotsika wa 5 peresenti pa gawo lolera miluza, kumene phindu lake limaoneka bwino.

Labotale ikamayenda bwino, mwa mazira 100 pafupifupi 70 mpaka 85 amagawikana, ndipo 30 mpaka 40 amafika pa blastocyst. Manambala amenewa muziwakumbukira powerenga zotsatirazi.

Njira yoyamba: TALP yodzipangira, heparin ndi PHE, usiku wonse

Iyi ndi njira yomwe yafala kwambiri. TALP ndi madzi a mchere a Tyrode owonjezeramo albumin (puloteni ya m'magazi), lactate ndi pyruvate (zopatsa maselo mphamvu). Barry Bavister ndi Ryuzo Yanagimachi anawakonzera mazira a hamster mu 1977, ndipo John Parrish ndi anzake ku University of Wisconsin anawasinthira pa ng'ombe m'zaka za m'ma 1980. Chachikulu chimene gululi linapeza ndi ntchito ya heparin, mankhwala odziwika poletsa magazi kuundana. Umuna ukangotuluka mu nkhunzi sungathe kuboola dzira. Umayenera kuyamba wasintha khungu lake, kusintha komwe kumatchedwa capacitation, ndipo m'thupi mwa ng'ombe yaikazi zimenezi zimachitika m'njira ya mazira. Heparin amafanana ndi zinthu za m'madzi a m'njirayo, ndipo mu labotale amakonzekeretsa umuna m'maola pafupifupi 4. Anapezanso kuti shuga wa glucose amachedwetsa ntchito ya heparin, n'chifukwa chake TALP yokumanitsira ilibe glucose. Ambiri amawonjezera PHE, chisakanizo cha penicillamine, hypotaurine ndi epinephrine, kuti umuna usambire kwa nthawi yaitali. Mbewu za umuna zimaikidwa pafupifupi 1 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo zimakhala ndi mazira kwa maola 18 mpaka 20.

Mtengo. Mchere wake ndi wotchipa ndipo botolo limodzi limatha zaka. Chimene chimadya ndalama ndi makina oyeretsera madzi, sikelo yoyeza tizinthu tochepa kwambiri, makina oyezera pH ndi osmolarity (kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi), tosefera, ndi albumin wabwino wochotsedwa mafuta, amene amaikidwa mamiligalamu 6 pa mililita. Labotale yogwira ntchito sabata iliyonse imabweza ndalamazi msanga. Yogwira kamodzi pa mwezi imataya zambiri zimene yasakaniza.

Kupezeka. Apa ndi pamene njirayi imapambana zonse. Zambiri zimabwera ngati ufa, sizifuna kuzizira panjira, ndipo malangizo ake ndi osabisika. Aliyense angathe kuwawerenga ndi kuwasintha.

Chisamaliro. N'chachikulu, ndipo ndisakubisireni. Madzi oyambira amasungidwa mufiriji kwa masabata ochepa okha. Albumin, pyruvate ndi heparin zimawonjezeredwa pafupi ndi tsiku la ntchito. PHE amagawidwa m'timabotolo tating'ono, kukulungidwa kuti asaone kuwala, n'kuumitsidwa, chifukwa epinephrine amawonongeka msanga. Osmolarity iyezedwe nthawi iliyonse, ikhale pakati pa 280 ndi 300. Timadontho ta madzi okumanitsira ta mamaikulolita 50 mpaka 100, tophimbidwa ndi mafuta, timayenera kukhala mu inkyubeta kwa maola osachepera 2 mazira asanalowemo.

Koma ntchito imene ndimaiona kuti ndi mtima wa njirayi ndi kuyeza nkhunzi iliyonse payokha. Mlingo wa heparin wofala uli pakati pa mamaikulogalamu 2 ndi 10 pa mililita, ndipo nkhunzi zimasiyana kwambiri. Ina imachita bwino ndi wochepa, ina imafuna wambiri, ina mukaipatsa wambiri imadzaza mazira ndi mbewu zingapo. Nkhunzi imene imabereketsa bwino m'khola singachite bwino m'mbale nthawi zonse. Njira yodziwira ndi imodzi: tengani mazira otchipa a kumalo ophera ng'ombe, agaweni m'magulu, yesani milingo iwiri kapena itatu ya heparin ndi ya umuna. Patatha maola 18, tengani mazira angapo pa gulu lililonse, muwachotse cumulus, muwapake utoto wa Hoechst 33342 kapena orcein, muwaone pa maikulosikopu. Dzira limene lalandira bwino limaonetsa timipira tiwiri pakati pake, kamodzi ka mayi, kena ka bambo. Likaonetsa titatu, mbewu ziwiri zalowa. Likaonetsa kamodzi kapena kadontho kokha ka ma chromosome, umuna sunalowe kapena ntchito inaima panjira. Dzira la ng'ombe ndi lakuda ndi mafuta, moti popanda utoto simuona kanthu, ndipo ngakhale ndi utoto, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma ola limodzi limenelo limakupatsani yankho lomwe mukanalifufuza kwa miyezi.

Zoopsa. Dzira la polyspermy limanyenga, chifukwa limatha kugawikana ngati labwino n'kudzafera m'tsogolo. Mukaona kugawikana kwakukulu pa tsiku la 2 koma ma blastocyst ochepa pa tsiku la 7, kayikirani zimenezi musanakayikire china. Usiku wonse ndi wautali, ndipo mbewu zakufa zimatulutsa zinthu zowononga mazira. Palinso kusiyana kwa botolo ndi botolo la albumin, chimodzimodzinso la mafuta ophimbira timadontho. Ine ndinataya masabata angapo ndikusintha heparin, kusintha nkhunzi, kusakanizanso madzi, pomwe cholakwa chinali botolo latsopano la mafuta limene linakhala pamalo owala. Kuyambira pamenepo chilichonse chatsopano ndimachiyesa pambali pa chakale chisanathe.

Za kutsuka umuna

Ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudza njira zonse. Kachubu ka umuna kakatuluka mu nayitrojeni wamadzi kamasungunulidwa m'madzi a madigiri 35 mpaka 37 kwa masekondi pafupifupi 30. Zimene zili mkatimo si mbewu zamoyo zokha. Muli zakufa, glycerol, ndi dzira la nkhuku kapena mkaka umene anasakaniza ndi umunawo, ndipo zonsezi siziyenera kufika pa mazira.

Ambiri amagwiritsa ntchito Percoll, madzi olemera olekanitsira mbewu zamoyo ndi zakufa, wa magawo awiri, wa 90 peresenti pansi ndi wa 45 peresenti pamwamba. Mumatsanulira wapamwambayo pang'onopang'ono m'mbali mwa chubu kuti mzere wapakati uoneke bwinobwino, n'kuika umuna pamwamba, n'kuzunguza pa makina otchedwa centrifuge. Pakatha mphindi zingapo mumapeza kachidutswa koyera pansi penipeni, ndipo m'menemo ndi mmene muli mbewu zamphamvu. Njirayi ndi yachangu ndipo imabweza mbewu zambiri. Choopsa chake ndi Percoll wotsalira ngati simutsukanso, ndi kusiyana kwa mabotolo. Percoll anasiya kugwiritsidwa ntchito pa umuna wa anthu mu 1996, ndipo m'malo mwake munabwera zina monga PureSperm, kenako BoviPure ya ng'ombe, zimene ndi zodulirapo.

Njira ina ndi swim-up: mumaika umuna pansi pa madzi, n'kudikira pafupifupi ola limodzi kuti mbewu zamphamvu zisambire zokha kupita pamwamba. Ndi yotchipa, ndi yofatsa, ndipo mbewu zake ndi zoyera, koma zimabwera zochepa. Pa kachubu kodula kapena ka mbewu zochepa, ine sindingaisankhe.

Njira yachiwiri: BO, caffeine ndi heparin, kwa maola ochepa

BO ndi madzi a Brackett ndi Oliphant, a 1975, amene poyamba anakonzedwera akalulu. Ma labotale a ku Japan ndi amene anawakulitsa pa ng'ombe, makamaka Niwa ndi Ohgoda atasonyeza mu 1988 kuti caffeine ndi heparin zikaphatikizana zimathandizana. Maganizo ake ndi osiyana ndi a TALP. M'malo moika umuna wochepa n'kuusiya usiku wonse, mumaika wambiri, kawirikawiri mamiliyoni 5 kapena kuposerapo pa mililita, mumaudzutsa ndi caffeine, ndipo mumachotsa mazira patatha maola 5 kapena 6.

Mtengo. Madziwo ndi otchipa ngati TALP. Umuna ndi umene umatha msanga, chifukwa kachubu kamodzi kamakwanira timadontho tochepa.

Kupezeka. Palibe chovuta kupeza, ndipo PHE safunikira kwenikweni.

Chisamaliro. Chonse chili pa wotchi. Mukakumanitsa 9 koloko m'mawa, cha m'ma 3 koloko masana muyenera kukhala pa maikulosikopu mukuchotsa mazira ndi kuwatsuka. Ena amaikonda chifukwa ntchito imathera tsiku lomwelo. Koma imafunanso kuti mazira ayambe kukhwima m'mawa wa dzulo lake, zimene sizitheka ngati mazira amafika mu labotale madzulo. Pa maola 6 cumulus amakhala akadali wogwira, ndiye kumuchotsa kumafuna dzanja lozolowera.

Zoopsa. Mukachedwa kuchotsa, umuna wochulukawo umabweretsa polyspermy, ndipo caffeine si bwenzi la mazira akakhala nawo nthawi yaitali. Mukachotsa pa nthawi yake, nkhunzi imene umuna wake umachedwa kulowa imakusiyani ndi mazira osalandira. Ubwino weniweni ndi wakuti mazira sagona ndi mbewu zakufa. Dziwaninso kuti nthawi yochepa si ya BO yokha. Ndi TALP mungathe kuchotsa pa maola 8 mpaka 10 ngati nkhunzi yanu mwaiyeza ndipo mukudziwa kuti imalowa msanga.

Njira yachitatu: madzi ogula okonzeka

Makampani monga IVF Bioscience ku United Kingdom, Stroebech Media ku Denmark ndi Vitrogen ku Brazil amagulitsa madzi okhwimitsira, otsukira umuna, okumanitsira ndi olelera, ofika ali m'botolo, ongofunika kufunditsa mu inkyubeta.

Mtengo. Pa mililita ndi okwera kwambiri kuposa odzipangira. Koma chotsanipo makina oyeretsera madzi, maola osakaniza, ndi masabata otayika chifukwa cha cholakwika cha pa sikelo. Labotale yaing'ono yogwira mazira a OPU, yokhala ndi munthu mmodzi kapena awiri, nthawi zambiri imapeza kuti mluza umodzi ukutuluka motchipa ndi madzi ogula. Labotale yaikulu yokhala ndi katswiri wa mankhwala imapeza zosiyana.

Kupezeka. Apa ndi pofooka. Madziwa amayenda ali ozizira, ali ndi tsiku lothera ntchito, ndipo katundu akachedwa panjira kapena kutenthedwa mulibe chochita. Musanasankhe njirayi, dziwani bwino kuti oda imatenga masiku angati, ndipo musunge zokwanira ntchito ya masabata angapo.

Chisamaliro. Chochepa: firiji yodalirika ndi kaundula wa manambala a mabotolo.

Zoopsa. Zosakaniza zake sizilembedwa zonse. Ngati heparin ali kale m'botolo, simungamuchepetse pa nkhunzi imene imafuna wochepa, ndipo chokhacho mungasinthe ndi kuchuluka kwa umuna ndi maola. Zinthu zikavuta, n'kovuta kufufuza chomwe simukudziwa. Ndaonanso anthu akusiya kuyeza nkhunzi chifukwa chokhulupirira botolo. Botolo limachotsa kusiyana kwa madzi, koma nkhunzi zimakhalabe zosiyana monga kale.

Njira yachinayi: umuna wosankhidwa kuti ubereke thole lalikazi kapena lalimuna

Iyi si madzi ena, koma imasintha zonse za m'mbale moti iyenera kuyesedwa payokha. Mbewu yonyamula chromosome X, yobereka thole lalikazi, ili ndi DNA yochulukirapo ndi pafupifupi 4 peresenti kuposa ya Y, yobereka lalimuna, ndipo makina amatha kuzisiyanitsa pogwiritsa ntchito utoto ndi kuwala kwa laser. Njirayi inachokera ku kafukufuku wa Larry Johnson ku Beltsville, ku United States, cha m'ma 1989, ndipo mwa matole 10 pafupifupi 9 amabadwa aakazi kapena aamuna monga munasankhira.

Mtengo. Kachubu ndi kodula, ndipo kamakhala ndi mbewu mamiliyoni 2 mpaka 4 okha, pomwe wamba amakhala ndi mamiliyoni 10 mpaka 20 kapena kuposa. Komabe mu labotale kachubu kamodzi kangathe kukwanira mazira a ng'ombe zingapo, pomwe m'khola kakanapita kwa ng'ombe imodzi. Kwa woweta ng'ombe za mkaka amene akufuna matole aakazi, apa ndi pamene umuna wotere umakhala ndi phindu lalikulu.

Kupezeka. Si nkhunzi iliyonse imene ili ndi umuna wosankhidwa, ndiye mumasankha pakati pa zochepa.

Chisamaliro. Tsukani ndi Percoll wochepa m'kachubu kakang'ono kuti musataye mbewu, gwiritsani ntchito timadontho tating'ono, ndipo musachedwe pakati pa kusungunula ndi kukumanitsa. Mbewuzi zadutsa m'makina, zapakidwa utoto, zaumitsidwa, ndipo sizisambira nthawi yaitali. Zimakhalanso zitayamba kale kusintha khungu, choncho mlingo wa heparin umene munapeza pa umuna wamba wa nkhunzi yomweyo sungadaliridwe. Yezaninso.

Zoopsa. Ma blastocyst amachepako poyerekeza ndi umuna wamba, ndipo kusiyana kwa nkhunzi ndi nkhunzi kumakula.

Njira yachisanu: ICSI

Apa mbewu imodzi imabayidwa mwachindunji m'dzira. Thole loyamba la njirayi linabadwa ku Japan cha m'ma 1990, koma pa ng'ombe sinafale ngati mmene inafalira pa anthu ndi pa akavalo. Mtengo wake ndi wokwera kuposa njira zonsezi chifukwa cha makina ogwirira singano, akatswiri ake ndi osowa, ndipo dzira lililonse limagwiridwa palokha. Choopsa chachikulu n'chakuti dzira la ng'ombe nthawi zambiri silidzuka kuti liyambe kugawikana likabayidwa, ndiye limafuna mankhwala monga ionomycin, ndipo mankhwalawo angathe kuligawanitsa popanda mbali ya bambo.

Choopsa chimodzi cha njira zonse

Matumba a mazira, umuna, albumin ndi seramu (madzi a m'magazi) zingathe kunyamula tizilombo monga ka BVD, matenda otsekula m'mimba a ng'ombe. Tizilombo timamatirira kwambiri pa chikopa cha mluza wa mu labotale kuposa pa wotsukidwa m'chiberekero, moti kutsuka ka 10 kumene kumalimbikitsidwa pa miluza sikuchotsa zonse. Gulani umuna wa nkhunzi zoyezedwa, ndipo musasakanize mazira a ng'ombe zosadziwika ndi a ng'ombe za makasitomala m'mbale imodzi.

Njira iti kwa yani

Ngati muli pa yunivesite kapena malo a kafukufuku, mazira mumawapeza ambiri kumalo ophera ng'ombe, ndipo muli ndi munthu wodziwa kusakaniza, tengani TALP yodzipangira. Mudzatha kusintha chinthu chimodzi n'kuona zotsatira zake, ndipo ophunzira anu adzamvetsa chifukwa cha chilichonse chili m'botolomo.

Ngati mukuyamba kumene, kapena ndinu labotale yaing'ono yogwira mazira a OPU a ng'ombe za makasitomala, yambani ndi madzi ogula, bola katundu azikufikani modalirika. Woyamba kumene ali ndi zambiri zoti aphunzire pa dzanja ndi pa kutentha, ndipo si bwino kuwonjezerapo kukayikira madzi. Mukafika pa ma blastocyst 30 mwa mazira 100 sabata ndi sabata, mungayambe kupanga TALP yanu pambali n'kumayerekeza.

Ngati muli kutali ndi ogulitsa ndipo katundu wozizira amakufikani mwa apo ndi apo, TALP ya ufa ndi imene ingakusungeni pa ntchito, ngakhale ikhale yotopetsa. Ikani ndalama pa madzi oyera ndi pa makina oyezera osmolarity musanagule china chilichonse.

Ngati mukulimbana ndi polyspermy pa nkhunzi imene simungaisinthe, yambani mwachepetsa umuna mpaka theka la miliyoni pa mililita, kenako heparin, kenako maola. BO ya maola 6 muitenge ngati umuna muli nawo wokwanira ndipo mazira anu amayamba kukhwima m'mawa.

Ngati cholinga ndi matole aakazi a mkaka, gwiritsani ntchito umuna wosankhidwa, koma gulani machubu owonjezera oyesera pa mazira otchipa musanauike pa mazira a ng'ombe yanu yabwino. ICSI muisungire nkhunzi yamtengo wapatali imene yatsala ndi machubu owerengeka, kapena imene umuna wake sukusambiranso.